Dzanja la Ababa Likukana Kutseguka

Lolemba, 9 Seputembala 2024

Achimwene a Brighton atumiza katundu kuchokera ku Joni lero. Ndimayesa mwina ndi shuga kapena mankhwala a miyendo ya amayi, koma ayi, ndi fayilo.

Loweruka la sabata yamawa tikuvundukula chiliza cha ababa, ndiye achimwene aganiza zoti ababa akhale ndi webusayiti yawoyawo, yokhala ndi mbiri yawo, zithunzi, ndi nyimbo zimene ankakonda kutchalitchi. Papepala la pulogalamu padzakhala kabokosi ka madontho koti munthu akakaloza ndi foni, tsamba litseguke. Kumanda. Ku Domasi kuno. Ndikuwaona kale azimayi a mvano atakweza mafoni m'mwamba kusaka netiweki pakati pa mitumbira. Chabwino.

Koma chimene akudziguguda nacho pamtima ndi fonti. Ababa anali olemba zikwangwani, msewu wonse kuchokera pa Naisi mpaka kuno unali wawo. Achimwene atabwera chaka chatha, maliro titaika kale, anayenda ndi kamera kujambula zikwangwanizo, n'kukapatsa munthu wina ku Joni amene wazisandutsa zilembo za pakompyuta. Fontiyo aitcha Jeremiya, dzina la ababa. Pa voisi akuti, “Eluby, iwe ndiwe wa makompyuta, ungoiyika patsambapo. Si ntchito yotulukira thukuta.”

Ndaitsegula pa buleki kusukulu kumene ndimaphunzitsa. Ndalemba kuti Jeremiya Makaiko kuti ndione mmene ikuonekera. Kenako ndatseka laputopu n'kukaima kuseri kwa labu ya makompyuta mpaka belu kulira.

Si dzanja la ababa limenelo. Ndi langa.

Lachiwiri, 10 Seputembala

Ndilembe muno poti kulibe kwina kokanena.

Zaka zomalizira zija manja a ababa ankanjenjemera, supuni ya phala inkafika pakamwa ilibe kanthu. Nanga burashi? Koma munthu amene moyo wake wonse amatchedwa a Makaiko a zikwangwani sangangodzuka n'kuuza anthu kuti zatha. Ndiye tinkanyamuka mbandakucha, ine kupalasa, iwo pakaliyala atakumbatira zitini za penti. Tikafika, ine pamakwerero, iwo pansi pakreti akulamula. “Tsitsa pang'ono. Mwendo wa R usautambasule choncho, si wovina ameneyo.” Kukamayera ndinkatsika, iwo n'kutenga burashi, kudzipaka penti m'zala ndi pa ovolosi kuti odutsa aone. Ine ndinkasanduka mwana wogwirira makwerero.

A Fauzia a tiyirumu ya pa Naisi, amene tinawalembera chikwangwani chomaliza, ankatuluka ndi tiyi n'kukuwa kuti msewu wonse umve: “A Makaiko, dzanja lanu silikalamba!” Ababa ankaseka mano onse panja. Pobwerera ankanditsina kumsana n'kunena kuti, “Izi ndi za ine, iwe ndi amayi ako basi. Ngakhale Brighton asamve.” Ndinalonjeza, ndipo anamwalira lonjezolo ndikulisunga.

Achimwene anasankha zikwangwani zowala, zooneka bwino pakamera. Zowalazo ndi zatsopano, ndipo zatsopanozo ndi zanga. Ine ndine wamanzere, zilembo zanga zimapendekera kumbuyo pang'ono, pamene za ababa zinkaima njo. Mwana amene ankakhalapo akanadziwa.

Madzulo ndaiyika patsamba. Pa laputopu yanga zikuoneka bwino kwambiri, ndipo zandinyansa kuti zikuoneka bwino.

Lachitatu, 11 Seputembala

Ndapempha Masiye, mphunzitsi wa masamu amene timagawana tebulo mu sitafurumu, kuti atsegule linki pafoni yake. Wadikira. Zithunzi zatulukira pang'onopang'ono, ababa ali pa njinga, ababa ali pa ukwati. Koma mawu kulibe, pamalo pake pangoti mbee.

“Eluby,” akutero Masiye, “bambo ako anali munthu wosalankhula eti?”

Ndamulanda foniyo. Vuto ndaliona, si lachilendo. Bulawuza, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, imabisa mawu podikira kuti fonti ifike, ndipo fontiyo ndi chimphona. Fayilo imodzi ikulemera kuposa zithunzi zonse pamodzi, chifukwa wa ku Joni uja wasunga kamzere kalikonse ka tsitsi la burashi. Ndi netiweki ya m'chigwa muno, imene imabwera ikafuna ngati mlamu, munthu atseka tsamba asanaone chilembo n'chimodzi chomwe.

Nanga bwanji pa laputopu yanga zimaoneka? Ndapusa ndekha. Lolemba lija fontiyo ndinaiyika m'kompyutamo, ndiye tsamba limangotenga ya m'nyumba, silinapite n'komwe kukaitenga ku seva, kompyuta yakutali yosunga tsambalo. Ndaichotsa, laputopu nayonso yati mbee. Kwa achimwene ziyenera kuti zili chimodzimodzi.

Ndawafotokozera zonsezi mwaulemu, ndime zitatu zathunthu. Yankho lawo: “Kwa ine ikugwira bwinobwino,” ndi chithunzi cha sikirini yawo.

Kwa iwo chilichonse chimagwira bwinobwino.

Lachinayi, 12 Seputembala

Magetsi kulibe tsiku lonse, laputopu yafa. Ndasangalala, Mulungu andikhululukire.

Lachisanu, 13 Seputembala

Ntchito yoonda chimphona. Ndasintha fayilo kukhala ya mtundu wopanikizika, uja wa woff2, yatsika ndithu. Kenako ndadula zilembo zimene sitidzazigwiritsa ntchito. Wa ku Joni anadzazamo zilembo za zinenero za kutali, zokhala ndi timadontho ndi tizipewa tosiyanasiyana, zimene ine sindinazilembepo pakhoma la munthu aliyense. Anangondipekera. Ndasiya zokhazo zimene zili m'mbiri ya ababa ndi m'nyimbo.

Chatsala ndi timizere ta burashi tija. Ndafunsa achimwene a B. ngati ndingatisalaze kuti fayilo ipepuke. Ayimba foni nthawi yomweyo, koyamba mwezi uno.

“Usayerekeze! Timizere timeneto ndi mzimu wa ababa.”

Mzimu wa ababa. Inali burashi yotha, ya pamsika, imene ndinkaimeta ndi lezala kuti ilembeko. Ndangoti chabwino achimwene. Walira mvula walira matope, asadzadandaule kuti ikuchedwa.

Ndawonjezera mzere wa preload pamwamba pa tsamba. Ntchito yake ndi kuuza bulawuza kuti iyambe kutenga fonti isanachite china chilichonse, monga kuika madzi pamoto usanayambe kusenda mbatata. Ndimayembekeza kuti zithamanga. Zafika poipa. Foni ya Masiye yachedwa kuposa Lachitatu, ndipo kumene bulawuza imalemba madandaulo ake kwatuluka chenjezo lachikasu loti fayilo ndinaiitanitsa koma sinagwiritsidwe ntchito. Sinagwiritsidwe bwanji, poti ndi yomweyo?

Ndaliyang'ana chenjezolo nthawi yaitali, ndipo ndinene zoona, mtima wina umati zisiye choncho. Tsamba likhale loyera, anthu adzati netiweki, nkhani ithe. Palibe adzaone dzanja langa litavala dzina la ababa, a B. akulandira m'manja. Koma akadzati netiweki, a B. adzati Eluby. Sukulu yonse ija anaphunzira chiyani?

Mbali zonse ndine wodyedwa.

Loweruka, 14 Seputembala

Tsiku lonse kupeta mpunga wa alendo ndi amayi. Amisiri amaliza kupaka chiliza, achikutira ndi pepala lakuda.

Masana amayi apukuta manja n'kutulutsa foni yawo pa chitenje. “Zilembo za bambo ako zija zili kuti? Brighton akuti ndiwe ukuchedwetsa.”

Ndatsegula. Linki yakana, poti amayi amagula bandulo ya WhatsApp yokha, monga theka la anthu m'mudzi muno. Izi a B. sakuzidziwa, ndipo palibe khodi ya pakompyuta ingakonze zimenezo. Ndawagawirako data ya pafoni yanga. Tsamba latseguka msanga mpaka ndadabwa, koma ndi zilembo wamba. Bulawuza ya pafoni yawo ndi ija yosunga data, fonti yachilendo imangoitaya panjira osafunsa.

Amayi aibweza kutali ndi maso, aibweretsa pafupi. “Izi ndi za m'nyuzipepala izi. Ine ndimati ndiona dzanja la bambo ako.”

Anena motsitsa, ndipo apa ndiye pamene pandilasa. M'nyumba muno mulibe chilichonse cholembedwa ndi ababa, zonse ankalemba pa makoma a eni. Amayi akhala akudikira kuyambira pamene a B. anawauza, mwina akumaganiza kuti azidzatsegula foni akawasowa amuna awo. Ndipo ine ndikutuluka thukuta kuti ndiwabweretsere chinthu chimene akangochiona adziwa kuti si chimenecho.

Ndikanatha kuwauza pompo. Ndangoti ndikukonza, amayi. Tabwerera ku malichero.

Lamulungu, 15 Seputembala

Kutchalitchi ku mishoni alengeza za Loweruka. Mkulu wa mpingo wawonjezera zake, akuti tiyamike Mulungu chifukwa cha ana ngati a Brighton amene ngakhale ali kutali saiwala makolo. Anthu ati amen. Ine ndimayang'ana nsapato zanga.

Pa gulupu ya banja a B. alemba kuti, “Zonse zakonzeka, tikungodikira a kompyuta athu,” ndi kankhope koseka. Asuweni nawo aseka.

Sekani. Pamene ababa ankadziipitsira pamphasa, gulupu imeneyi inali zii. Ndinkawasambitsa ndine, mwana wamkazi, chinthu chimene iwo ankalira nacho ndi manyazi, chifukwa mwana wamwamuna anali ndi mashifiti. Ndinkawameta ndevu, kuwadyetsa, kuwatembenuza, m'mawa n'kupita kukaphunzitsa ana a eni mmene amasungira fayilo. Tsiku limene anatisiya ndinawatseka maso ndine. A B. anati mapepala awo a ku Joni sanali bwino, akatuluka sadzalowanso. Mwina n'zoona. Sindikuti sankawakonda. Ndikungoti iwo ali ndi webusayiti, ine ndili ndi msana wowawa mpaka lero, ndipo amen wapita kwa iwo.

Ndakwiya, ndipo sindikufuna wina andiuze kuti ndikhululuke sabata ino.

Lolemba, 16 Seputembala

Ndachipeza! Ndatsegula pamene pamaoneka mafayilo onse amene tsamba likukoka, ndipo Jeremiya alipo kawiri. Fayilo yomweyo, kutsika kawiri. Bulawuza imaitenga koyamba chifukwa cha preload yanga, kenako ikafika pofuna kulemba mawu siikuizindikira kuti ndi yomwe ija, imapitanso kukatenga ina. Chifukwa chake n'choti fonti ili ndi kaitanidwe kakekake, ndipo pamzere wanga panasowa liwu limodzi loti crossorigin. Popanda limenelo, maulendo awiriwa bulawuza imawaona ngati a anthu osiyana.

Ndaliika. Chenjezo lachikasu lachoka, Jeremiya watsala mmodzi.

Ndinakuwa mu sitafurumu mpaka ahedi anasuzumira. Kwa kamphindi ndinaiwala kuti ndikukonza chinthu chimene sindikuchifuna. Ntchito ndi yoipa, imakoma ngakhale ili yokupweteka.

Masiye akuti bandulo yake yathera pa maliro a eni, ndimugulire mandasi. Ndamugulira. Pafoni yake tsopano mawu akubwera, koma pakadali kanthawi kamene tsamba limakhala loyera, ndipo kanthawi kameneko kumanda kudzakhala kotalika.

Lachiwiri, 17 Seputembala

Mankhwala a tsamba loyera ndi kuuza bulawuza kuti isabise mawu. Ilembe kaye ndi zilembo wamba, fonti ikafika isinthe. Liwu lake ndi swap. Ndaika, zatheka. Munthu amayamba kuwerenga nthawi yomweyo, kenako zilembo zimasandulika pamaso pake.

A B. aziona ndipo sanazikonde. Foni yachiwiri mwezi uno.

“Zikudumpha. Ndiponso ababa sangayambe ndi zilembo za wamba ngati risiti ya m'golosale.”

“Achimwene, sankhani. Ziyambe wamba kapena anthu aone pepala loyera.”

“Kuno sizichita zimenezo.”

“Chiliza sichili kumeneko.”

Kenako anati, “Eluby, vuto lako sukumvetsa kuti dzanja limeneli ndi lofunika bwanji kwa ine. Iwe unali nawo ababa mpaka mapeto. Ine ndatsala ndi ichi chokha.”

Mawu anafika pakamwa penipeni. Ndinaluma lilime mpaka ndinamva mchere. Ndinangoti kudumphako ndikonza, n'kudula.

Ndakonzadi. Zimadumpha chifukwa zilembo wamba zinali zonenepa kuposa zanga, ndiye posintha mizere yonse imasuntha. Ndazichepetsa mpaka zafanana msinkhu. Tsopano zimasinthana mwakachetechete, wina amatsika, wina amakwera, odutsa osazindikira. Ntchito imeneyi ndinaiphunzira kale.

Lachitatu, 18 Seputembala

Ndayesa pa siteji ya minibasi, pa mlatho, pachulu cha kuseri kwa manda pamene netiweki imagwirako. Paliponse ndimayamba ndafufuta zimene foni inasunga, kuti isandinamizenso. Ikutseguka.

Ndilibenso chonamizira.

Lachinayi, 19 Seputembala

Ndinati amayi aone lero, tili awiri, osati Loweruka pamaso pa anthu.

Tinakhala pakhonde. Ndinazimitsa kosunga data kaja pafoni yawo, n'kuwapatsa. Panabwera zilembo wamba, amayi anayamba kunena kuti ndi zomwe zija, kenako zinasandulika. Anasiya mawu pakati.

Anayang'ana nthawi yaitali. Anakulitsa ndi zala monga ndinawaphunzitsira, mpaka pasikirini panatsala dzina lokha. Chala chawo chinatsata chilembo chimodzi kutsika nacho.

“R wovina uja,” anatero.

Sanalire. Akanalira bwenzi zili bwino. Anandibwezera foni ngati mbale ya eni, n'kudzuka kukaona nkhuku zimene sizinkafuna kuonedwa. Ndinatsala ndikuyang'ana mapiri a Zomba ngati ndawaona lero.

Atabwerako anakhala pafupi kuposa poyamba. Anati, “Unadziwa liti?” Ndinati tsiku loyamba. Anati, “Ndiye masiku onsewa umalimbana nazo ukudziwa?” Ndinati eya. Anapukusa mutu, sindikudziwa ngati amandimvera chisoni kapena amandiona wopusa.

Kenako: “Usamuuze. Bambo ako anapempha. Ndiponso mnyamata uja alibe china chogwira, ukamulanda ichi agwa.”

Ndinati chabwino amayi. Nanga ine ndigwire chiyani? Limeneli sindinafunse. Mnyamata wa ndevu za imvi akutetezedwa kuti asagwe, ine ndiye khoma, khoma silifunsidwa ngati latopa.

Foni yawo sanaipemphenso kuti ndiwatsegulire.

Lachisanu, 20 Seputembala

Afika. Anenepa, akununkhira ngati shopu. Mapepala akuti tsopano ali bwino.

Ataona njinga ya ababa itatsamira pankhokwe anaima, n'kuyamba kulira ngati mwana, chikwama chili paphewa. Ndinafuna kuti ndisamve kanthu, koma ndinamva. Ndi achimwene anga ndithu, ndiwo ankandiberekera kusukulu mtsinje ukadzaza.

Sipanathe nthawi anali atatulutsa foni, akuonetsa aliyense wolowa pabwalo, ngakhale amene anangobwera kudzabwereka nkhwangwa. Kwa ine anati, “Waona? Sinali ntchito yovuta.”

Ndinapita kukathandiza azimayi kusenda anyezi, kumene munthu amaloledwa kutuluka misozi.

Loweruka, 21 Seputembala

Sindikudziwa poyambira.

Kumanda zinayenda bwino. Abusa anapemphera, amvano anayimba, amalume anachotsa pepala lakuda lija, chiliza n'chokongola ndithu. A B. polankhula anati aliyense aloze foni pa kabokosi kaja aone dzanja la malemu likadali moyo. Ndinayembekeza manyazi, koma Masiye anali atayatsa hotisipoti yake mwakabisira kuti agawire anthu data, Mulungu amudalitse, ndipo mafoni angapo anatseguka. Anthu anaunjikana m'timagulu. Ndinkamva “eee” uku ndi uku pamene zilembo zikusandulika. Ndinaona akuluakulu ena a pa Naisi akuyang'ana foni, kenako ine, kenako foni. Ndinati mwina akudziwa kuti ndakonza ndine.

Kunyumba, nthawi ya chakudya, ndinali kugawa mpunga pafupi ndi pamene a B. anakhala ndi amayi. Anabwera a Fauzia a tiyirumu, akalamba tsopano, akuyenda ndi ndodo. Anagwira dzanja la a B. ndi manja awiri.

“Mwachita bwino, bambo. Anthu timadikira munthu afe kuti timuyamike. Inu mwamuika mlongo wanu pafoni akadali moyo.”

A B. anaseka. “Ayi mayi, Eluby wangoika patsamba. Zilembozo ndi dzanja la ababa.”

A Fauzia nawo anaseka, akuganiza kuti ndi nthabwala. “Iii, dzanja la a Makaiko lopendekera chonchija? Chikwangwani changa chomwe chija ndachiona m'menemo! Ife a tiyirumu timayatsa moto nkhuku zisanatsike, bambo. Tinkamuona mtsikanayu pamakwerero, chisanu chili tswee, mdala ali pansi akulamula. Kukacha n'kumadzipaka penti m'manja, ife n'kumati dzanja lanu silikalamba. Wa butchala ankadziwa, wa matayala ankadziwa, msewu wonse. Tinkangowasungira ulemu, nanga munthu wamkulu n'kumuvula?”

Anayang'ana nkhope ya a B., kenako ya amayi, kenako yanga. Anagwira pakamwa.

“Kodi simunkadziwa?”

Chipande chinali m'manja mwanga, mpunga unagwera pansi. Amayi anayang'ana kumbali. A B. anatsegula foni, n'kuyang'ana, n'kuitembenuza chafufumimba patebulo. Anadzuka n'kulowera kuseri kwa nyumba, mbale yawo osaikhudza.

Ndimaganiza kuti tsiku ngati limeneli likadzafika ndidzamva kukoma. Sindinamve. Ndinamva ukali, poyamba. Kudzuka konse kuja mumdima, kuthamanga kutsika makwerero kukamayera, kubisa zala m'thumba kusukulu kuti asaone penti, kuluma lilime Lachiwiri lapitali, zonsezo ndinkabisira anthu amene ankandionera pazenera akuwiritsa tiyi. Kenako ndinakumbukira kuti a Fauzia nthawi zonse ankaika chitumbuwa chachikulu mbali yanga, ine n'kumati amalakwitsa.

Ndinakamaliza kulira kubafa. Ababa anapita akukhulupirira kuti palibe anadziwa, ndipo msewu wonse unawathandiza kukhulupirira. Wosadziwa anali mwana wawo wamwamuna yekha.

Lamulungu, 22 Seputembala

Kutchalitchi a B. sanapite. Titabwerako ndinawapeza atakhala pa kreti ya ababa ija, maso ofiira.

“Kuyambira liti?”

Ndinawauza chaka. Anawerengera chamumtima, ndinaona kuti apeza kuti ndi chaka chimene ankatumiza mauthenga oti ababa akuoneka amphamvu pa zithunzi.

“Bwanji sunandiuze?”

“Anandiletsa.”

“Ine mwana wawo?”

“Makamaka inuyo. Ankafuna muzidziwa bambo amene munawasiya.”

Anagwira kumaso. Patapita nthawi anati fontiyo tiisinthe dzina, ikhale Eluby. Ndinati dzina lisiyeni, mukalisintha ndiye kuti ndiyambirenso preload, ndipo ine ndatopa. Anayesa kuseka, sizinatheke.

Kenako anafunsa motsitsa, ngati akuopa yankho. “Nanga dzanja la ababa lenileni lili kuti? Latsalako penapake?”

Makoma ambiri anapakidwa kale zotsatsa malonda zamitundu yowala. Ndikudziwa amodzi okha. Ndinatulutsa njinga ya ababa, ndinapopa. A B. anati apalase, koma anayenda pang'ono n'kulowa m'ngalande, ndiye tinasinthana. Ine kupalasa, iwo pakaliyala. Ndi olemera kuposa ababa ndi zitini zawo zonse.

Chigayo chakale cha kuseri kwa msika chinatsekedwa kalekale, denga linagwa mbali imodzi, pakhomo pamera chisoso. Chaka chatha anadutsa pomwepo ndi kamera yawo, sanaime, poti palibe chowala. Ndinapatula udzu ndi phazi n'kuwalozera pamwamba pa chitseko. Penti yofiira yasanduka ngati dothi, zilembo zina mvula inadya. Koma zimene zatsala zaima njo, R mwendo wake uli pansi mwaulemu, ndipo pakona pali ka J.M. kamene ababa ankasainira.

A B. anaima nthawi yaitali. Anati akukumbukira, tsiku limenelo anagwirira makwerero ndi iwo, ali Sitandade 5. Zimenezo ine sindinkazidziwa.

Anatulutsa foni kuti ajambule. Chithunzi choyamba sichinaoneke, chachiwiri chimodzimodzi. Manja awo ankanjenjemera. Anayesa kugwira ndi onse awiri, anatsamira njinga, osatheka.

“Eluby,” anatero osandiyang'ana, “tandigwirireko.”

Ndinaima kaye pang'ono. Kenako ndinalandira foniyo ndi dzanja lamanzere, n'kuwauza kuti asunthe, akutchinga dzuwa.